Kulira kwa kumanzere

Lachiwiri ndinaika beringi yatsopano
pa gudumu lakutsogolo, la kumanja,
ndekha, koyamba,
a Kamtedza atapita ku Malangalanga kukasaka mabawuti.
Lachinayi galimoto inabwerera.

Mayi Nasimango, azamba a ku Bwaila,
anatsika osatseka n'chitseko chomwe.
Mwanawe, ikulirabe.
Sanakalipe. Bola akanakalipa.
Biwi yonse inatembenuka kundiyang'ana,
ngakhale owotcherera zitsulo
anakwezera magalasi awo akuda pamphumi.

A Kamtedza sanagwire sipanala.
Anapukuta manja pa ovolosi,
nakakhala mpando wakumbuyo ngati pasenjala.
Zondiwe, yendetsa.
Tseka wailesi. Tsekanso pakamwa.

Tinatsetsereka ku Mchesi,
ine thukuta kamukamu pa chiwongolero.
Kwee, kwee, kwee,
ngati wina akunola mpeni pa simenti,
ndipo ndikathamanga nayenso amafulumira.
Chotsa giya. Injini inapuma, phokoso silinapume.
Ndiye si injini.
Ponda buleki pang'ono. Chimodzimodzi.
Dikira phula latsopano lija,
tayala limasintha mawu msewu ukasintha.
Palibe chinasintha.

Wamva angati? anafunsa.
Amodzi, ndinayankha.
Mvetsera pansi pake.

Pansi pa kwee uja panali wina,
wobangula chamumtima, nguuu,
ngati ndege ili kutali ku Lumbadzi
isanaoneke.
Pa raundabauti, pokhotera kumanja,
katundu yense wa galimoto atatsamira kumanzere,
nguuu uja anakweza mawu.
Zunguliranso.
Ndinazungulira katatu,
wakabaza wina mpaka anatitukwana.

Titabwerera, jeke pansi, gudumu m'mwamba.
Ndinagwira tayala pamwamba ndi pansi, n'kugwedeza.
Nji! Beringi yanga inalibe mlandu.
Koma kuseri kwa disiki
kachitsulo kopyapyala koteteza fumbi
kanali katapindika, kakukhula,
kali ndi mzere wowala pamene kamadyeka,
ndi pambali pake chipsera cha hamala yanga.
Ndinachizindikira ngati siginecha.
A Kamtedza anakakankha ndi chala chachikulu basi.
Kwee uja anafa pomwepo.
Sanandiyang'ane. Zimenezo zinawawa kuposa mbama.

Tsopano kumanzere.
Gwira sipuling'i, ine ndizungulitse.
M'chikhatho changa munadutsa kanjenje,
ngati mchenga uli m'mano.
Iwo anatenga sikuludiraiva yaitali,
nsonga pa habu, chigwiriro kukhutu.

Mayi Nasimango anatambasula dzanja.
Tabweretsani.
Anagwada pa katoni yodetsedwa ndi girizi,
yunifomu yoyera ija osaiganizira,
natsinzina,
mutu utapendekeka monga amachitira
posaka kamtima kobisika m'mimba ya munthu.
Tinakhala chete, mpaka wogulitsa zigumu anaima.
Uyu watopa, anatero.
Ndipo sanayambe lero.

Eya, a Kamtedza anavomera.
Wakumanja uja ankalira mokuwa,
ndiye mnzakeyu sitinkamumva.
Zimatero ndi pamaliro pomwe.

Anakambirana za mtengo,
ya m'bokosi kapena yochotsa ku galimoto yangozi,
mwezi usanathe ndalama palibe.
Yendani pang'onopang'ono, a ku Dedza akudikireni kaye.
Ine ndinamanga manati asanu,
n'kuwabwereza, n'kuwabwerezanso,
mpaka anandilanda sipanala.

Usiku ku Kawale magetsi anazima.
Mlongo wanga ankatsokomola kuchipinda,
chifuwa chake chodziwika mpaka kwa aneba,
cha mankhwala ali pawindo.
Ndinagona chagada, girizi akadali m'zikhadabo,
ndikudikira kuti apume,
ndimve pansi pake.
Kuseri kwa khoma amayi ankapuma,
ndipo mpweya uliwonse unkatha ndi kamluzu kakang'ono
kamene sindikudziwa kuti kanayamba liti.